Ndani Akupotoza Makutu a Zidole?

Kuseri kwa sitolo ya nsapato, ukadutsa kanjira konunkha guluu, kuli chipinda chimene amasokeramo zidole. Osati zidole wamba ayi, koma zimbalangondo zaubweya zija ana amagona atazikumbatira, zomwenso anyamata amagulira zibwenzi zawo akalakwa. Muli makina awiri, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, matumba a thonje ofika kudenga, ndi mpando umodzi wapawindo. Mpando umenewo ndi wa Mayi Makutu. Wofuna kudziwa kuti pakamwa pa munthu pamatuluka moto wochuluka bwanji, angoyesa kuikapo thako lake.

Anthu amanena zambiri za mayi ameneyu. Ati ndi wamwano, ati sakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chake. Chachiwiricho n'choona, koma onenawo anayamba adutsamo m'zimene anadutsamo iye? Analowa m'chipindamo ali mtsikana, ntchito yake kusesa tizidutswa ta nsalu. Anakwatiwa ndi kondakitala, n'kumuberekera ana atatu. Tsiku lina kondakitala uja anakwera basi atanena kuti akubwera madzulo. Madzulo ake mpaka lero. Ana atatu onsewo analeredwa ndi singano. Ndiye munthu wotere mukamuuza kuti kunja kwacha, musadabwe akatsegula katani kuti aone yekha.

Ntchito yake inali makutu basi, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Musaipeputse. Chidole mutha kuchisoka bwino miyendo, mimba n'kuidzaza thonje mpaka kuti nga, maso n'kuika owala ngati a khanda, koma khutu limodzi likangotsika pang'ono, chatha. Chimaoneka ngati chidakwa chikumvetsera miseche pachitseko. Kholo limachinyamula, limachiyang'ana, n'kuchibwezera pashelefu osadziwa n'chifukwa chake chomwe.

Mayi Makutu anali ndi njira yakeyake. Pamutu pa chidole pamadutsa msoko, kuchokera pamphuno kukafika kunkhongo. Iye ankagoneka zala zitatu za dzanja lamanzere mbali ina ya msokowo, zala zitatu za dzanja lamanja mbali inayo, nthawi imodzi, ngati akuchidalitsa. Pamene zala zathera ankadinikiza ndi zikhadabo, ubweya n'kugona, n'kubayapo maphini. Makutu ankayambira pamenepo. Tepi yoyezera sankafuna n'kuimva komwe.

"Tepi ndi yabodza," ankatero. "Imatanuka ngati lamba wa kabudula. Zala zangazi anandiyezera ndi Mulungu."

Ndipo zaka zonsezo palibe chidole chinabwezedwako ndi kasitomala. Mpaka Lolemba lina.

Abwana, mayi wonenepa wosakonda kubwereza mawu, analowa atanyamula katoni n'kuikhuthula patebulo. Zidole khumi ndi ziwiri zinagubuduka. Anaziimika pamzere, nkhope zonse kuloza kwa Mayi Makutu. Chilichonse khutu lina m'mwamba, lina m'munsi.

"Mayi, tandiuzani, zidolezi zikumvetsera chiyani pansipa?"

"Si zanga izi."

"Za ndani? Muno muli a Makutu angati?"

Mayi Makutu anatola chimodzi, napatula ubweya ndi chikhadabo. Msoko unali wake, uja wobisika woti ngakhale nsabwe singaupeze.

"Lachisanu tikutumiza makumi atatu," anatero Abwana. "Chikapezeka chimodzi chopendekeka, chimodzi chokha, makutu ndipereka kwa alamu anuwa, inu mupite ku thonje. Sindikukuchotsani ntchito, koma sinditaya kasitomala chifukwa cha ulemu."

Ku thonje! Kumene amaika wobwera dzulo, kumene munthu amaweruka ali mbuu ngati wagwera m'chigayo! Mayi Makutu anangotembenuza khosi pang'onopang'ono n'kuyang'ana pakona.

Pakonapo panali mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono. Anali atagwira miyezi isanu yokha, ndipo anamupemphera ntchitoyo ndi Mayi Makutu yemweyo. Mtsikana wachete, wopita kusukulu ya zosoka, tepi lendelende m'khosi ngati dokotala. Ankadzaza thonje ndi kutseka misana ya zidole. Nthawi imeneyo anali atazyolika, akusoka ngati sanamve kanthu.

Sanamve? Mpando akumupatsa, iye osadzutsa n'komwe mutu? Chikomekome cha mkuyu, anatero Mayi Makutu mumtima.

Koma iye si munthu wopachika mnzake mlandu popanda umboni, amene amanena zimenezo ndi abodza. Anayamba ndi Bambo Sizasi, mkulu wodula nsalu, wadazi, wokonda kuimba mluzu. Anatenga makutu onse odulidwa tsikulo n'kuwasanjikiza awiriawiri.

"Mukufuna chiyani, achemwali?" anafunsa Sizasi. "Lomwe likumva kwambiri?"

"Ndikufuna lomwe mwadula mutaledzera."

"Ine ndinasiya mowa inu musanamere mano achiwiri."

Makutu onse anali ofanana ndendende. Kenako anafinya mitu ya zidole, chimodzichimodzi, kuti aone ngati thonje lachuluka mbali imodzi. Ayi, mitu inali yobulungira bwino. Zimenezi sizinamutonthoze, zinangomuonjezera moto. Munthu wodzaza thonje bwino chonchi, angalephere kutsanzira msoko wa mnzake?

Lachiwiri anatchera msampha. Khutu lililonse akamaliza kusoka, ankamanga kamfundo ka ulusi wofiira kunsi kwake, m'kati mwa ubweya, mosaoneka. Anasoka zidole khumi. Tiyi amene mlamu anamubweretsera masana anamusiya mpaka anazizira.

"Alamu, simukumwa?"

"M'mimba."

Lachitatu m'mawa anafika woyamba, anatsitsa zidole zija pashelefu n'kuyamba kupatula ubweya. Choyamba, ulusi wofiira ulipo makutu onse. Chachiwiri, ulipo. Chachitatu, khutu limodzi ulusi wofiira palibe. Chachinayi, palibe. Zinayi pa khumi, wina anali atadula khutu n'kulisokanso. Mtima unagunda mpaka m'makutu mwake mwenimweni. Sanachedwe n'kuyang'ana kuti zidole zinayizo zikuoneka bwanji. Wakuba ukamupeza phazi, umayamba wafunsa kuti nsapato yake ndi yokongola?

Anazibwezera monga zinalili. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi ya nkhomaliro anatenga chikwama, nalengeza mokweza kuti akupita kukagula mankhwala, achedwako. Sizasi anatuluka kukadya. Iye anangozungulira sitolo ya nsapato, n'kubwerera cha kuseri monyang'ama, n'kusuzumira pawindo lake lomwe.

Mlamu anali pampando. Pampando pake! Chidole pamiyendo, lezala m'manja, akudula ulusi wa khutu mwachangu, maso ali kuchitseko.

Mmene Mayi Makutu anachikankhira polowa, chitseko chimenecho mpaka lero sichitsekeka bwino.

"Ndakugwira! Mfiti iwe! Njoka yolera ndekha!"

Mlamu anadzidzimuka, lezala n'kugwa pansi.

"Alamu, tadikirani..."

"Ndidikire chiyani? Ndidikire umalize? Ndinakugwadira kwa Abwana ine, ndi mawondo angawa! Ndinati mkazi wa mlongo wanga asamangokhala pakhomo kuwerenga ntchentche. Malipiro ake ndi amenewa?"

"Khalani pansi, alamu, ndikuuzeni."

"Pansi pake pati, poti mpando walanda kale?"

Wosoka nsapato wa m'sitolo ija anali atafika kale pakhomo, nsapato ya munthu ili m'manja. Sizasi anabwera akuthamanga, akutafuna.

"Bambo Sizasi, bwerani muone! Sukulu ija anapitira zimenezi! Kuphunzira kudula makutu a anzawo!"

Sizasi sanayang'ane mlamu. Anayang'ana pansi n'kukanda dazi lake. Mayi Makutu anaziona zimenezo, nazisunga.

Mlamu anaimirira, koma sanalire. Anatsitsa zidole ziwiri pashelefu n'kuziimika patebulo moyandikana.

"Ichi sindinachigwire. Onani, ulusi wanu wofiira uwu."

"Wauona liti ulusi wanga?"

"Dzulo lomwe. Ichi ndiye ndinachigwira. Tayang'anani, alamu. Musandiyang'ane ine, yang'anani zidolezo."

Anayang'ana. Chopanda ulusi wofiira chinali chilili bwinobwino, makutu ali njo, ofanana ngati mapasa. Chokhala ndi ulusi wake, chimene palibe wina anachikhudza, khutu limodzi linali litatsetsereka cha kutsaya.

"Wasinthanitsa."

"Ndasinthanitsa chiyani?"

"Sindikudziwa, koma wasinthanitsa! Iwe ndi wochenjera!"

"Ikani manja patebulo."

"Ukundilamula ine?"

"Ndakupemphani, alamu. Manja onse awiri. Zala zitatu zitatu, monga mumachitira."

Mayi Makutu anawamenyetsa patebulo kuti phwa, kuti onse aone kuti saopa kanthu. Mlamu anavula tepi m'khosi, nayeza zala za kumanzere, n'kugwira pamalopo ndi chikhadabo. Anasamutsira tepi kumanja. Chikhadabo chinathera pakati pa chala chachitatu.

Panalibe chofunira tepi n'komwe. Dzanja lamanja linali lotupa mfundo zonse, chala chapakati chitakhota, chosafuna kugundana ndi chinzake. Dzanja la singano, limene labaya nsalu yolimba zaka makumi awiri ndi ziwiri. M'mawa uliwonse ankalipaka mafuta otentha aja, akutukwana kuzizira, akutukwana madzi a pampopi. Ankaliona tsiku lililonse. Kungoti anali asanaliikepo pafupi ndi linzake n'kuwafunsa ngati akugwirizanabe.

Wosoka nsapato anabwerera kuntchito yake mwakachetechete.

"Chiyambire liti?" Mawu a Mayi Makutu anatuluka aang'ono, osakhala ake.

"Ine ndinazipeza zili choncho," anatero mlamu. "Poyamba zinali pang'ono. Ndimakonza masana mukatuluka, zina ndikamatseka misana. Khumi ndi ziwiri zija ndi za sabata imene mwana anadwala, ine kulibe."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni inuyo? Bambo Sizasi atangonena kuti singano yanu yapindika, munatha sabata ziwiri osawapatsa moni."

"Zitatu," anatero Sizasi.

Mayi Makutu anatola chikwama n'kutuluka. Anayenda mpaka pamphambano, naima pafupi ndi ogulitsa malaya, dzanja lamanja atalibisa m'khwapa. Mumtima ankafunafunabe poti agwire. Mwina mtsikanayu akufuna aoneke wabwino kwa Abwana. Mwina akusunga nkhaniyi kuti adzaitulutse tsiku loipa. Mwina anauza kale mwamuna wake, ndipo akhala akuseka pakhomo pawo miyezi yonseyi. Koma akazitembenuza chonchi, akazitembenuza chonchi, zinkabwerera pamodzimodzi: wofuna mpando akanangokhala manja lende, mpando ukanabwera wokha Lachisanu.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Sanapepese, ndipo amene akudikira kuti mayi ameneyu apepese ndi pakamwa adzadikira mpaka imvi. Anangotenga chidole chopanda makutu n'kuchiponya pamiyendo pa mlamu.

"Baya maphini. Ndi chitepi chakocho. Ine ndisoka."

Lachinayi lonse anagwira chomwecho. Mlamu kuyeza ndi kubaya, iye kusoka. Chidole chilichonse ankayamba wachiimika pawindo, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu, diso limodzi atatsinzina.

"Apa sunandinamize?"

"Yezani nokha, alamu."

"Ndiyeze ndi chiyani, mwano eti?"

Lachisanu Abwana anaimika zidole makumi atatu pamzere. Anayenda uku, anayenda uku, anawerama, anavala magalasi, anawavula. Palibe n'chimodzi chomwe chopendekeka.

"Ndiye vuto linali chiyani?"

Mlamu anazyolika. Sizasi anayamba kunola sizasi yosafunika kunola. Mayi Makutu akanatha kunena kuti inali nsalu, kapena ulusi, palibe akanamutsutsa. Koma bodza amadana nalo kuposa manyazi. Anakweza dzanja lamanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu.

"Mbava ndi iyi. Yatupa osandiuza. Woyeza pano ndi mlamu wangayu, ine ndikungosoka. Ngati ndi ku thonje, nenani ndipite ndi miyendo yanga."

Abwana analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anatola chidole, nakoka khutu mwamphamvu ngati mwana wolusa. Silinagwedezeke.

"Msoko uwu palibe wina angausoke muno. Khalani pomwepo. Alamu anu aziyeza. Ndipo Lolemba mupite kuchipatala, si pempho."

Abwana atangotembenuka kuti azipita, Mayi Makutu analoza Sizasi ndi singano.

"Inu. Tsiku lija munakanda dazi. Mumadziwa."

"Ine achemwali, ndimangodula nsalu..."

"Chiyambire liti?"

"Nthawi yozizira ija."

"Wosoka nsapato?"

"Iyeyo ndiye ankatiyang'anira njira mukatuluka."

"Ehe! Ndiye muno ndimakhala ndi gulu! Komiti yonse!" Anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere. "Chabwino. Aliyense manja patebulo. Mlamu, bweretsa tepi. Tione amene ali ndi zala zolungama muno, poti mumadziwa kuona za anzanu. Bambo Sizasi, yambani ndinu. Itanani ndi wa nsapatoyo."

Abwana anali atafika pakhomo.

"Nanunso Abwana, musathawe. Bwererani."

Ndipo Abwana, mayi amene sabwereza mawu, anaika chikwama pansi n'kuyamba kuvula mphete.