Batire Yosachoka ya a Nkole

A Mutale Nkole anabadwira kufupi ndi Kasama pa 3 Juni 1921, ndipo anafika ku Lusaka mu 1953 ali kale dalaivala. Anayendetsa malole a kampani ina ya matabwa mpaka msana unayamba kuwavuta. Pa 18 Ogasiti 1972, atapuma ntchito, anagula Landirova yakale yobiriwira pa okishoni, naikokera ku Kanyama kumene ankakhala ndi akazi awo, a Hilda.

Galimotoyo inali yakale ndithu. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi waya. Komabe nthawi ya mvula, misewu ya Kanyama ikasanduka matope ndi miyala yobisala m'madzi, ndiyo yokha inkalowa mpaka pakhomo pa munthu. Inkanyamula makala, amayi apakati ndi maliro. Kutsogolo kwake kunali kabowo kolowetsapo hendulo yolizira injini, koma mu 1976 hendulo ija inabwerera n'kuwathyola dzanja, ndipo sanaigwirenso. Chotsalira chinali batire.

Vuto linali lakuti batire ya a Nkole sinali yawo okha. M'komboni munalibe magetsi. Ukwati ukakhalapo, oimbitsa malekodi ankabwera ndi wilibala. Kukakhala mpira pa wailesi, kunkabwera ena.

"Ba Nkole, tibwerekeniko chabe pang'ono, mailo kuseni tizabweza," ankatero, kulonjeza kubweza batire mawa lake m'mawa.

Ndipo a Nkole ankatsegula boneti. Akanakana bwanji, pamene anthu omwewo ndiwo ankakankha galimoto m'mawa? Ku Kanyama kulibe chitunda choimikapo galimoto kuti itsetsereke yokha. Batire inkabwera itatheratu mphamvu, anthu n'kukankha, okankhawo n'kudzabwerekanso. Chifukwa chochotsachotsa, asidi ankatayikira pa thireyi, kabokosi kachitsulo kamene batire imakhalamo, mpaka pansi pake panabooka ngati sefa.

M'nyumba yachitatu kuchokera kwa a Nkole munkakhala a Majidi, Msilamu wochokera ku Mangochi, mmisiri wa malata. Ankapanga mbaula, ndowa ndi mabokosi. Awiriwa anadziwana mu 1958 ndipo ankanyozana tsiku lililonse, monga amachitira anthu ogwirizana.

Lachisanu pa 9 Malichi 1979, akazi a Majidi, mayi Mwanaima, anamwalira m'mamawa. Mwa mwambo wa Chisilamu anayenera kuikidwa tsiku lomwelo, ndipo manda anali kutali, kuseri kwa tauni. Anakweza jeneza, chonyamulira maliro, kumbuyo kwa Landirova. A Nkole anakhala pa mpando, nayesa kuliza. Injini inangobuula kamodzi n'kukhala chete. Batire inali itabwera dzulo lake kuchokera ku phwando.

Amuna ovala mikanjo yoyera anatsikira m'matope nayamba kukankha. Galimoto inkagwedezeka, jeneza n'kumagunda m'mbali. Ana a m'njira ankathamangira pambuyo. A Majidi nawonso anakankha nawo.

Patapita chaka, chifuwa chinawagwira a Majidi, ndipo anayamba kuonda. Tsiku lina masana a Nkole anawapeza atakhala pa mpando panja, nyundo ili pamiyendo.

"Achimwene," anatero a Majidi, "ine ulendo wanga wayandikira. Mudzandinyamula ndinu, palibenso wina angalowe muno. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ine musadzandikankhe ngati thumba la makala."

"Imwe mudala, muli na mphamvu yonyoza motoka yanga, ndiye muzafa lelo?"

"Sindikuseka. Mayi aja anapita akugunda m'mabati."

A Nkole anayang'ana pansi. Analonjeza.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Sopo, mafuta ophikira ndi shuga ankaziimira pa mzere, nanji batire ya galimoto. A Nkole anayenda wapansi m'masitolo a m'tauni, kulikonse akumva yankho limodzi. Pa 14 Julayi 1980 anafika ku Heavy Industrial Area, kwa munthu wina dzina lake Benard, amene ankakonza mabatire akale kuseri kwa fakitale. Benard anawaonetsa awiri. Ina inali yaing'ono, ya galimoto ya m'tauni. Inayo inali ya thirakitala, yakuda, yotalika ngati bokosi la zida.

"Iyi ing'ono izangena bwino mu thireyi yanu, na kunyamula munganyamule na kwanja imodzi," anatero Benard. "Iyi ikulu ili na mphamvu, koma izakupayani musana, mudala. Na malo siyizakwana."

A Nkole anakhala pa tayala, akupumula. Mtima wawo unali pa yaing'ono. Inali yosavuta, ndipo iwo anali atatopa ndi zinthu zovuta. Koma anaona kuti batire yonyamulika ndi dzanja limodzi idzayenda m'maukwati onse a Kanyama mpaka ku Chawama. Anasankha yaikulu. Anaikweza pa ngolo ya munthu wonyamula katundu, iwo akutsata pambuyo pang'onopang'ono.

A Majidi anabwera akutsamira ndodo. Anayeza batire ndi chingwe, akumanga mfundo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Anasuzumira mu injini, nagogoda thireyi yakale ndi chala. Dzimbiri linagwa ngati gaga.

"Kulemera sikuletsa anthu, achimwene. Adzabwera anayi ndi wilibala."

"Nizakana."

"Inu? Chikhalire sindinakumveni mukukana munthu. Ngakhale galu atapempha mpando wa kutsogolo mungamupatse."

Ntchito imene kale akanaimaliza tsiku limodzi inawatengera mpaka kumapeto kwa mwezi, chifukwa ankakhoma pang'ono n'kukhosomola nthawi yaitali. Anadula chitsulo cha bedi lakale n'kupanga thireyi yotakata, yotsika pang'ono kuti boneti isakhudze mitu ya batire. Pansi anayala thabwa ndi mphira wa chubu kuti asidi asadye chitsulo. Pomaliza anapingasa zitsulo ziwiri pamwamba pa batire. A Nkole anabweretsa mabawuti, koma a Majidi anawakankhira pambali. Anatenga misomali yonenepa, nailowetsa m'mabowo, naiphwanya mitu mbali zonse ziwiri mpaka inaphwatalala. Zivindikiro zothirira madzi anazisiya poyera.

"Manje nikafuna kuchosa?" anafunsa a Nkole.

"Mudzachotsa ndi tchizulo ine nditapita. Pakali pano pakamwa panu pazivomera monga mwa masiku onse. Chitsulochi ndicho chizikana."

Zinayendadi motero. Obwereka akabwera, a Nkole ankatsegula boneti n'kuwaonetsa. Ena ankaseka, ena ankachoka akung'ung'udza. Moni wa m'mawa anachepa. Mayi wina amene kale ankawapatsa masamba a m'munda mwake anayamba kudutsira njira ina. A Nkole zinkawapweteka kuposa msana, koma galimoto inkalira yokha m'mawa uliwonse.

Chovuta kwambiri chinafika Loweruka pa 29 Novembala 1980. Wokwatiwa anali mwana wa Enos, mlongo wawo wa a Hilda, ndipo batire imene anapangana ndi woimbitsa inalephera. Enos anabwera yekha, atavala jekete, m'manja muli tchizulo ndi nyundo.

"Mulamu, ni mwana wanu uyu. Tizadula tumisomali tubili chabe, mailo tizakhomelela futi."

A Hilda anaima pakhomo, naitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo, Nsama. "Bashi Nsama, bantu bazakamba chani? Chikwati chilibe nyimbo monga malilo?"

A Nkole anayang'ana tchizulo ija. Apa chitsulo sichikanathanso kuwakanira. Anayang'ana kunyumba kwa a Majidi, kumene mwini nyumba anali chigonere kuyambira sabata yapitayo, ndipo amayi ankalowa ndi kutuluka mwakachetechete.

"Iyai, mulamu," anatero. Mawuwo anatuluka movuta ngati akukoka msomali m'thabwa. "Motoka nizakupasani, inyamule bakwati. Batire siichoka."

Enos anawayang'ana nthawi yaitali, natembenuka. Galimotonso anaikana. Ukwati unavinidwa ndi ng'oma ndi manja, ndipo a Hilda sanawalankhule amuna awo mpaka Lolemba.

Lachiwiri pa 2 Disembala 1980, dzuwa litangotuluka, a Majidi anamwalira. Mvula inali itagwa usiku wonse. Atatha mapemphero a masana, anatulutsa jeneza naikweza kumbuyo kwa Landirova. Amuna a m'komboni, Asilamu ndi Akhristu omwe, anapinda mikanjo ndi mabuluku, napita kumbuyo kwa galimoto mwachizolowezi, manja ali pa bati, kudikira kuti auzidwe kukankha.

"Chosaniko manja," anatero a Nkole. "Kwelani."

Anakhala pa mpando, napukuta chikhatho pa bondo. Injini inalira nthawi yomweyo. Anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba miyala yonse imene ankaidziwa pansi pa madzi, ndipo jeneza sinagunde m'mbali ngakhale kamodzi. Kumanda anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja, mpaka anthu anamaliza kukwirira.

Pobwerera anaimika galimoto pakhomo, nakhalabe mkati nthawi yaitali, manja ali pa chiwongolero. A Hilda anawabweretsera madzi akumwa pa zenera.

"Manje muzachosa?" anafunsa.

"Nalema, bana Nsama. Ikhale."

Batire ija inagwira ntchito mpaka mu 1983. Itafa, sanapezenso ina yokwana m'thireyi ya a Majidi, ndipo analibe mtima wodula misomali ija. Landirova inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Enos anayambanso kubwera kudzacheza mu 1985, koma za ukwati uja sankazitchula.

A Mutale Nkole anamwalira pa 21 Meyi 1988. Anawanyamula pa lole yobwereka, imene inafika mochedwa ndipo sinathe kulowa m'kanjira ka kunyumba kwawo. Anthu ananyamula bokosi pamapewa mpaka ku msewu waukulu, akudutsa pambali pa Landirova ija.