Kalongonda pa Kapinga wa mu Tauni

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anasiya kudya kalongonda ali Sitandade 2. Tsiku lina ndinamuikira pang'ono m'kajumbo kuti akadye pa buleki, madzulo n'kubwerera naye osamukhudza. Anzake anamuseka kuti Alomwe amadya poizoni, mpaka dzina lake kusukulu linasanduka Kalongonda.

Zapoizonizo si bodza ngati waphika mwaulesi. Nyemba zimenezi umazitereka m'mawa, kuzisenda makoko, kutaya madzi akudawo, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ukafupikitsa, anthu amachita chizungulire. Ineyo ndinaphunzira kwa amayi anga ndipo sindinadwalitsepo munthu. Ndiye zinkandiwawa kuona mwana wanga akutembenukira kukhoma ndikamapakula. Sindinamukalipire. Ndinkangomusiyira wake m'kambale, kenako abambo ake akaweruka kothyola tiyi n'kumaliza.

Mwezi wa Julaye, sukulu zitatsekera, achemwali anga a ku Ndirande anaimba foni. Anati kupaki ina yaikulu ya mu Blantyre kukhala chionetsero cha zakudya, monga amachitira anthu akakolola.

"Ubwere naye mwanayo adzaone. Koma usandibwerere chimanjamanja, wamva? Kalongonda ndikumulota."

Ndinaphika tsiku lathunthu, n'kuika m'kontena, n'kukulunga pachitenje. Tikudikira minibasi pa Chitakale, chiperoni chikuwaza, mwana uja anandikoka dzanja.

"Amayi, musakatsegule pagulu."

"Sindikatsegula."

"Lumbirani."

Ndinamuuza kuti ine sindilumbira, koma mawu anga wawamva.

Pakiyo inandidabwitsa ndi udzu. Kapinga yekhayekha, wometa bwino, popanda ndi mbuzi yomwe. Mitengo yaikuluikulu koma yosabala kanthu, ndipo ndinadzigwira ndikuwerengera mumtima kuti pamenepa pangakwane mizere ingati ya chinangwa. Mwana uja anathamangira pakatungwe, ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti agwa. Kumatenti kunali futali, zitumbuwa, thobwa wa m'mabotolo, chikondamoyo chodula mwa makona, nkhuku yootcha, ngakhale nanazi wa kwathu atamusenda n'kumubaya timitengo. Titakumana ndi achemwali, tinalawa apa ndi apo mpaka miyendo inatopa, n'kukhala pansi pa mtengo.

Ine mawu anga ndinasunga. Anatsegula kontena ija ndi achemwali.

"Amayi aakulu, ayi!" mwana uja anatero, maso ali uku ndi uku.

"Iwe, ndadikira chaka chonse. Ukufuna ndikadyere kubafa?"

Mwanayo anasuntha n'kukakhala patali pang'ono, atatifulatira, ngati sakutidziwa.

Posakhalitsa panadutsa mayi wina wovala nsapato za gogoda, makiyi a galimoto ali kumanja. Anapitirira, kenako anabwerera, n'kuima akuyang'ana m'kontena muja. Ndinaona khosi la mwana wanga likulowa m'mapewa.

"Moseliwa," anatero mayiyo.

Ameneyo ndi moni wa m'mawa wa Chilomwe, koma nthawi inali itadutsa 2 koloko masana. Achemwali anaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi, mwadzuka mochedwa bwanji!"

Nayenso anaseka. "Pepani, ndi mawu okhawo amene ndinatsala nawo. Ndazungulira matenti onsewa kufuna chimenechi. Akuti palibe angataye makala a tsiku lonse."

Anavula gogoda zija n'kukhala pakapinga, suti ili choncho. Anati kwawo ndi cha ku Muloza, koma chimwalirireni amayi ake sanamudyenso, chifukwa amaopa kuphika yekha. Anatapa ndi zala, n'kutafuna atatsinzina.

"Madzi mumataya kangati?" anafunsa pambuyo pake.

Ndisanatsegule pakamwa, yankho linachokera kumbuyo kwathu.

"Sawerenga. Amaona ngati asiya kuda."

Anali mwana wanga, atafulatirabe.

"Eee, ndiye aphunzitsi ali pomwepa! Tabwerani kuno, amayi, mundiuze bwinobwino."

Anabwera mokoka miyendo. Anafotokoza za makoko, za nkhuni, ndi zoti mchere umalowa kumapeto. Mayi uja ankalemba pafoni, dzanja linali likupitabe m'kontena. Achemwali nawo sanapume. Ndinaona mwana uja akuyankhula maso ali m'kontena, pansi pake patayamba kuoneka.

"Mundisiyireko," anatero motsitsa mawu.

Achemwali anafuna kuyankhapo zachipongwe, ine n'kuwatsina pantchafu. Ndinangomukankhira kontenayo, n'kuyang'ana kumbali ngati ndikuonera anthu a pakatungwe. Anadya mpaka kupukuta ndi chala.

Kusukulu satengabe mpaka lero, ndipo sindimukakamiza. Koma Loweruka ndikatereka mphika uja, amakhala pafupi. Madzi oyamba amataya ndi iyeyo, ndipo abambo ake akaweruka amapeza kambale kaja kali mbee, n'kumadandaula kuti ku Blantyre tinakawathera mwayi.