Nambala Ili pa Thako

Dyton Kachingwe anafika ku Kasinje mu 1994 ndi nyundo, tupa ziwiri ndi mvukuto, kudzakwatira Lufina. Wasula makasu a mudzi wonse zaka makumi atatu, koma kwa mlamu wake Cosmas, mwini mbumba, Dyton akadali mlendo woiwala njira yakwawo.

Chaka chatha anyani atavuta m'chimanga, Cosmas anatsitsa kudenga gogodela wa malemu malume ake, mfuti yothira onga kukamwa, nkuiponya pamapazi a Dyton.

"Alamu, paja mumati ndinu mmisiri. Ikonzeni. Ikangotayika m'manja mwanumo, mumange katundu."

"Chiswe chayamba kale kuidya. Nachonso chimange katundu?"

Dyton anaviika mpope wa mfutiyo m'parafini masiku anayi, napala dzimbiri mpaka chitsulo chinayera. Sipuling'i anaisula kuchokera ku chitsulo cha galimoto yakufa. Thako la mfutiyo linali litafumbwa, moti anasema lina la mlombwa nalipaka mafuta a nsatsi kasanu ndi kawiri. Cosmas ankabwera tsiku lililonse kudzaima pakhomo la chisakasa.

"Malume sankaigwira choncho."

"N'chifukwa chake inaola."

Itatha, ngakhale Cosmas anasowa ponyoza, ndipo zimenezi zinamuwawa koposa. Analamula kuti onse awiri apite ku boma kukakonzetsa chiphaso cha mfutiyo. Mfuti ananyamula yekha, poti mkamwini sasenza chuma cha eni ake. Anapatsa Dyton thako lakale lija m'jumbo, kuti likakhale umboni wa kuononga kwa mkamwiniyo.

Mu ofesimo bwana wa mataye anatsegula chibuku chakale, natembenuza mfuti uku ndi uku.

"Nambala ili pati?"

Panalibe. Azungu akale anaiotchera pamtengo, osati pachitsulo. Dyton anatulutsa chifumbwacho m'jumbo. Nambala inalipo, chiswe chinailemekeza.

"Eya," anatero bwanayo, "mfuti imene boma likuidziwa ndi iyi." Anadinda chidindo pa chiphaso. "Nanga inayi, yopanda nambalayi, ndi ya ndani?"

"Wapanga ndi uyu!" Cosmas analoza ndi mlomo. "Mkamwini wopanda mwambo!"

"Sindinafunse wopanga, bambo. Fomu ilibe mzere umenewo. Walowa nayo ndani?"

"Ine, bwana, ndanyamula yachilolezoyi basi," anatero Dyton, maso pansi mwaulemu wonse. "Alamu anandiletsa kukhudza inayo."

Mfuti inalowa m'kabati, Cosmas m'chipinda china kukafotokoza bwinobwino. Anatulukamo tsiku lachitatu.

Dyton sanadikire kuuzidwa kuti amange katundu. Lero amasula makasu pa Nsipe, m'mbali mwa msewu, ndipo Lufina amabwera Loweruka ndi mpunga m'thumba. Cosmas anatsala ndi mudzi wake, anyani ake, ndi mtengo wofumbwa umene chiphaso chake amayenera kukachikonzetsa chaka ndi chaka.