Kiliti ya Ubweya ndi Denga la Amayi

Ndinachoka ku Zomba nditatopa ndi kusoka zigamba pakhonde la sitolo. Ine telala wa zaka makumi awiri, ku Leicester, ku Mangalande, ndinakasanduka wosambitsa nkhalamba zachizungu m'dera la Wigston. Ndalama ndinkatumiza kwa achimwene anga, a Fulaye, kuti azisamalira amayi. A Fulayewo ankandikumbukira kumapeto kwa mwezi kokha. Ngakhale kuzizire chotani, palibe ankafunsa ngati ndili moyo.

Mwana wanga Tiyamike anapeza mwamuna wa ku Scotland, ndipo akuchimuna anapempha kuti pa ukwati ndivale kiliti, chovala cha amuna kwawoko, chonga siketi yamapindo. Ndinaitanitsa yotchipa pa intaneti. Nditaigwira ndinaona kuti ndi yachabechabe: nsalu yopyapyala ngati ya ambulera, ulusi uli lendelende. Ndinaibweza. Ina inali ya ubweya weniweni, yolemera, yosokedwa pamanja, koma mtengo wake wolasa mtima. Ndinalimbana nayo m'mutu masiku atatu. Zala za telala sizinamizidwa. Ndinagula yodulayo, ndipo mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu.

Zithunzi za ukwati zitafika kumudzi, a Fulaye anaimba. "Amayi akuvumbwa m'nyumba, iwe ukugula siketi? Azunguwo akudyetsa chiyani?"

Ndinapsa mtima. Za malata ndinali nditatumiza kawiri konse.

"Adadi, ingowablokani," anatero Tiyamike. Sindinawabloke. Ndinagula tikiti ya ndege yopita kumudzi.

Ndinafika mu Juni, kiliti ili m'chikwama mwadala. A Fulaye anali ndi nyumba yamalata, njinga yamoto ili pakhomo. Nyumba ya amayi inali ya udzu womwe uja, wowolerana.

"Tavala tione, achemwali," anatero a Fulaye, anzawo akufa nazo nseko.

"Ndivala mukandionetsa malata a amayi."

"Zinthu zinakwera kuno. Iwe wa ku Ulaya ungadziwe chiyani?"

Ndikanawamenya, koma amayi anandiitana. Iwo sanaseke. Nditaitulutsa kiliti m'chikwama, anaisisita nsaluyo, anamasula malamba ake, n'kuiyala pamiyendo.

"Imeneyi ndiye yofunda, mwananga. Undisiyire, chisanu chandikwana."

Ndinawafunsa za mabulangeti amene ndinalipira chaka chatha. Anangondiyang'ana, osadziwa chimene ndikunena. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndasambitsa amayi a anthu ena, chinthu choyamba kufika pathupi la amayi anga chinali siketi imene a Fulaye ankaiseka.