Senha ija sindisintha, achimwene

Achimwene Saide, lero mwandikanganitsanso ndi munthu. Mwana wanga Amina wandilanda telefoni, akuti, "Mama, senha yanuyi, mawu achinsinsi otsegulira telefoniwa, ndi yofooka, mbava za pa intaneti zilowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Sinthani!" Ndamuuza kuti za senhazi ndinatopa nazo iye asanabadwe. Mukukumbuka nthawi ya nkhondo ku Assumane? Munalamula kuti aliyense wogogoda pakhomo pathu azitchula mawu achinsinsi, ndipo munkawasintha sabata iliyonse ngati malaya. Tsiku lija amayi anachokera ku Chimbonila, thumba la batata lili pamutu, mvula ikuwakhuthukira. Inu kuseri kwa chitseko: "Senha!" Amayi: "Iwe Saide, ndinakubereka ndine, tsegula!" Inu osachita ndi manyazi omwe: "Imeneyo si senha." Atalowa anakuthamangitsani ndi tsache mpaka kuseri kwa mzikiti. Munkatopetsa, achimwene, ndipo mukutopetsabe.

Kenako munapita ku Lione kukagula nyemba, osabwerako. Amayi omwe aja, amene ankadana ndi masewera anuwo, analetsa kusintha mawu a sabata imeneyo. Ankati, "Akabwera apeze omwe akuwadziwa." Anamwalira akudikira. Mawu amenewo ndi amene ali mu telefoni yangayi, ndipo sindiwalemba pano, munandiphunzitsa ndinu. Amina akwiye, mbava ziyese mwayi wawo, ine sindisintha. Tsiku limene mudzagogode, senha ndi yomwe ija.