Wapaulendo Sauzidwa Maliro

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko n'kudzuka, poti ndinangosinza chotsamira khoma m'nyumba ya siwa. M'nyumbamo munali mutatentha kale. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, ndipo mlamu wanga, mayi ake a Tadala, anagona chammbali pafupi ndi bokosi, dzanja lili pamwamba pake. Choyamba chimene ndinachita ndi kuyang'ana foni. Panalibe amene anaimba. Ndinathokoza Mulungu, kenako ndinachita manyazi ndi chimene ndinkathokozacho.

Tadala anali mwana wa mlongo wanga Yohane, wa zaka zisanu ndi zitatu. Khansa ya m'magazi inamugwira ali Sitandade 2. Tinayenda naye ku Mua, kenako ku Lilongwe maulendo osawerengeka, mpaka madokotala ananena kuti chithandizo chimene chatsala chili ku India. Atatchula mtengo wake, tonse tinangoyang'ana pansi. Yohane anagulitsa bwato, injini ndi maukonde ake ku Mtakataka, koma sizinafike ndi pakati pomwe. Ndiye anapita ku Joni kukagwira ntchito ya zomangamanga kuti akasake zotsalazo. Ngakhale foni yake yabwino anagulitsa, n'kutsala ndi ya mabatani. Panali patatha chaka ndi miyezi iwiri asanamuone mwana wake.

Mwanayo anatisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri atakhala pansi anagwirizana zimene tonse tinakula tikuzimva, kuti wapaulendo sauzidwa maliro. Amati angakomoke m'basi, kapena angadzichite choipa m'dziko la eni. Umangomuuza kuti matenda akula, bwerani. Anasankha ine kuti ndiimbe. Kumsika wa Golomoti kumene ndimagulitsa tomato amandidziwa kuti pakamwa panga palibe chitseko, ndipo Yohane amadziwa kuti mlongo wake sabisa mawu. Ndinaimba. Anandifunsa kamodzi kokha kuti, “Achemwali, ali moyo?” Ndinati ali moyo. Anakwera basi madzulo omwewo.

Tsopano linali Lachinayi, tsiku loika. Nditatuluka panja ndinapeza adzukulu atapita kale kumanda ndi makasu ndi mapiki, chifukwa nthaka ya mu Okutobala kuno siikumbika dzuwa litakwera. Amayi anali pamzere kuchokera kumjigo, ndowa zili pamutu. Moto unali utayaka m'mafuwa asanu kuseri kwa nyumba, nyemba zili pamoto, ena akudula kabichi. Anyamata anapita kukaika masamba atsopano pamsewu, poti a dzulo anali atafota.

Anthu anayamba kufika dzuwa litangotuluka. Anabwera asodzi anzake a Yohane, ena atavala zisoti zawo za Chisilamu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mwakachetechete. Anabwera aphunzitsi ndi ana a kalasi ya Tadala atavala yunifolomu. Anabweranso anthu amene sindinkawadziwa nkhope, amene anaponyako kangachepe m'mbale pamene tinkapempha thandizo m'misika ndi m'matchalitchi. Aliyense pondipatsa moni ankanong'ona funso lomwelo, kuti bambo a mwana afika pati. Ndinkayankha kuti ali m'njira.

Foni inalira cha m'ma 8 koloko. Kwaya inali itayambanso, ndiye ndinathamanga kudutsa khola la mbuzi mpaka pa mlambe wa kumunda, kumene nyimbo sizinkamveka bwino. Ndinayankha ndili wefuwefu.

“Achemwali, ndadutsa boda, ndili pa Dedza. Ndilunjike ku Lilongwe kapena kumudzi?”

Funso limenelo akuluakulu aja sanandikonzekeretse. Ndinati abwere kumudzi, mwana ali kunyumba.

“Anamutulutsa? Ndiye kuti akupezako bwino!”

Sindinavomere, sindinakane. Ndinangoti afulumire. Pobwerera ndinkadziwerengera ndekha kuti kuchoka pa Dedza kutsika msewu wokhotakhota wa m'mapiri wa Khwekhwelele mpaka pa Golomoti, ngakhale minibasi itachedwa kudzaza, 11 koloko akhala atafika. Ndinati ndikamuchingamira ndekha pamsewu asanaone masamba aja, ndikamugwire dzanja, ndimuuze. Alira, anditukwana mwina, koma nkhope ya mwana wake aiona.

Cha m'ma 10 anaimbanso, ndipo ndinathamangiranso kumlambe kuja. Anati wakhotera kubanki pa boma kuti asinthe marandi, ndalama zikhale malo amodzi, Lolemba tikayambe za mapepala a ulendo wa ku India. Mawu ake anali opepuka, ngati a munthu amene watula katundu.

Ndinati, “Achimwene, za banki zisiyeni. Bwerani kaye mudzamuone mwana.”

“Mzere ndi wautali, koma ndiye zimene ndinapitira zimenezi. Ndifike chimanjamanja? Mwati ali kunyumba, si choncho? Akudya?”

“Akudya pang'ono.”

Mawu amenewo anatuluka okha. Mpaka lero ndimawamva m'makutu mwanga.

Ndinapita kumene anakhala amuna, n'kugwada chapatali mpaka atsibweni ake a mlamu wanga anandiona. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mwini maliro anali iwowo. Ndinawafotokozera, n'kupempha kuti andilole ndimuuze zoona kuti achoke pamzerepo. Anapukusa mutu. Sanali munthu wankhanza, maso awo anali ofiira ngati a tonsefe. Anati, “Mayi, mukamuuza pano akwera njinga yamoto, auza mnyamata kuti thamanga. Khwekhwelele mukuidziwa. Mukufuna tiike awiri?” Mawu a akulu akoma akagonera, timatero, koma ine ndinkaona kuti awa alibe nthawi yogonera.

Dzuwa linakwera. Kunalibe ndi kamphepo komwe, malata ankangothetheka. M'nyumba ya siwa amayi awiri ankakupiza bokosi ndi zitenje, wina anawaza mafuta onunkhira m'makona. Tonse tinkadziwa chifukwa chake. Thupi linali litachoka kumochale dzulo lake masana, ndipo kutentha kwa kuno sikudikira munthu.

Itangokwana 12 koloko, mdzukulu wamkulu anabwera thupi lonse lili fumbi kudzanena kuti manda atha. Ndinagwadanso kwa atsibweni. Anakambirana ndi akatekisiti ndi adzukulu, ndipo anandiuza kuti adikira mpaka 2 koloko, osapitirira. Za mawa panalibe, poti manda okumba sagona opanda mwini.

Ndinaimbira Yohane. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Mayi wina amene amadziwa za m'tauni anati m'banki salola kuyankha foni. Ndinaimba kosaleka mpaka chala chinachita dzanzi. Ndinkachita mantha kuposa mmene ndinachitira usiku umene mwanayo ankatsirizika.

Mwambo unayamba. Apa ndiulule kuti ndinachita ukathyali. Ndinanong'oneza wotsogolera kwaya kuti nyimbo iliyonse aibwereze. Ndinapempha wolengeza zipepeso kuti atchule dzina lililonse, ngakhale la amene anabweretsa mtolo wa nkhuni. Bambo wina wodziwika ndi kutalikitsa nkhani, amene masiku onse timamukoka jekete, tsiku limenelo ndinkamupempherera mumtima kuti asamalize. Anthu anayamba kung'ung'udza, ana ankalira ndi ludzu. Nthawi yoona nkhope itafika ndinaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndipo nditafika pabokosi ndinakhalitsa mpaka amayi anachita kundichotsa. Tadala anali atavala diresi lake loyera la ukalistia woyamba. Tsitsi linali litayamba kumeranso.

Anatseka bokosi 2 koloko itapitirira kale. Pamene ankakhoma msomali wachiwiri, foni inanjenjemera m'dzanja langa. Sindinathamangire kumlambe. Ndinayankhira pomwepo, pakati pa kulira kwa anthu, atsibweni akundiyang'ana.

“Achemwali, ndamaliza, zonse zatheka. Phokosolo n'la chiyani?”

“Yohane, mwana anatisiya. Anatisiya Lachiwiri. Tikunyamuka kupita kumanda.”

Ndinkangomva magalimoto a pa Dedza m'fonimo.

“Lachiwiri?”

Foni inaduka.

Kumanda si kutali, koma tinayenda pang'onopang'ono, asodzi aja akulandizana bokosi ndi amuna a mpingo. Fumbi linkatsamwitsa oimba. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkatembenuka, ngakhale ndinkadziwa kuti munthu sauluka. Mantha anga tsopano anali awiri, kuti safika, ndi kuti mawu a atsibweni aja apherezera m'mapiri muja.

Anatsitsa bokosi. Akatekisiti anawaza madzi odalitsa, adzukulu anayamba kukwirira. Mlamu wanga anakomoka, amayi anamutengera pamthunzi. Mtumbira utakwera, woitana nkhata anayamba ndi mayi a mwana. Kenako anati, “Bambo a mwana.” Palibe anasuntha. Anabwerezanso. Wina anandikankha pamsana, ndipo ndinanyamula nkhata ya mlongo wanga n'kukaiika ndekha.

Yohane anafika anthu akusamba m'manja pobwera kumanda. Anatsika panjinga yamoto isanaime bwinobwino, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi, kachikwama kali pachifuwa. Anali ataonda kwambiri. Sanalire, sanayang'ane aliyense. Amuna anayi anamuperekeza kumanda, ndipo anakhalako mpaka dzuwa linapendeka. Amene anapita nawo anati anangogwada, manja ali padothi.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atabalalika. Mabenchi a tchalitchi anali atabwezedwa, mafuwa atazima, pabwalo patangotsala mapazi a anthu ndi nkhuku zikutolatola. Mlamu wanga anali m'nyumba ndi amayi ake. Yohane anakhala pakhonde yekha, kachikwama kaja kali pamiyendo. Ndinazungulira nyumba kawiri ndisanalimbe mtima. Kenako ndinatunga madzi m'kapu, n'kukagwada pambali pake.

Ndinkayembekeza kuti akalipe, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Ndinali nditakonza mawu onena kuti anandituma ndi akuluakulu, kuti ndi mwambo wathu, kuti tinkamuteteza. Atandiyang'ana, mawu onsewo anathawa.

Anati, “Akanandiuza wina, ndikanakayika. Koma munali inu, achemwali.”

Ndinati, “Ndinalakwa, achimwene.”

Anayang'ana kumene kunali manda. Kenako analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha.

“Kubanki kuja, nditatsala pang'ono kufika pawindo, kunabwera agogo ena ndi mayi wina wobereka mwana. Ndinawalola onse kuti apite patsogolo panga. Ndinawauza kuti ine sindikuthamangira kanthu.”

Madzi aja sanawalandire. Ndinakhalabe chigwadire, kapu ili m'manja, mpaka mdima unagwa.