Abigail Akudikirabe Lole

Lidia wa ku Chezi si mayi waulesi. Ali ndi khanda kumsana, dimba la tomato kudambo, ndipo akuleranso Abigail, mwana wa mkulu wake Roza, amene anamwalira pobereka.

Tsiku la maliro anachita monga timachitira kwathu kuno. Ana aang'ono saona bokosi, choncho Abigail, wa zaka zinayi, anamupititsa kwa abale kutsidya kwa mtsinje. Atabwerako n'kufunsa amayi ake, a Moffat, atsibweni ake a Lidia, eni mbumba, anamunyamula n'kumuuza mokoma: "Amako apita ku Kasungu kuganyu wa fodya. Abwera pa lole, akugulira nsapato."

Ananena kuti mwana atonthole, ndipo anatontholadi. Koma kuyambira pamenepo, akangomva injini, ndi uyo wathamangira kumsewu. Lole ikadutsa amangoima m'fumbimo mpaka Lidia akamutenge. Kenako anayamba kukodza pamphasa, chakudya kumangochigwiragwira, kusewera ndi anzake ayi. Mawu anamutsalira awiri okha: "Abwera liti?"

Kusikelo, mlangizi wa zaumoyo anamuyeza, n'kumvetsera nkhani yonse. "Mayi, m'thupimu mulibe matenda. Mwanayu ali pamaliro, koma ali yekha. Afunika kuuzidwa zoona, pang'onopang'ono. Kumapeto kwa mwezi kumabwera anamwino a za maganizo kuchokera kuboma. Mubwere naye, adzakuthandizani kauzidwe kake."

Lidia anakawafotokozera a Moffat. Iwo anapukusa mutu, misozi ili lengelenge. "Mwanawe, ukamutchulira manda ayamba kuwalota amake, ndiye amuitana. Tataya mmodzi, ukufuna titayenso wina? Mwana saganiza, aiwala yekha."

Lidia anapitabe kusikelo kuja, mvula ili mkati, khanda kumsana, Abigail padzanja. Anakhala pabenchi mpaka masana. Kenako mlonda anabwera: "Amayi, musadikire. Galimoto ya anamwino yalephera kukwera, paphiri paterera. Mwina mwezi wamawa." Mwezi wamawawo zinali zomwezo.

Pobwerera ulendo wachiwiriwo, kunatulukira lole. Abigail anapulumuka m'dzanja, kuthamanga, khu! m'matope. Lidia anamudzutsa, nagwada pomwepo. Mumtima anati lero ndinena.

"Abi, tamvera. Amako aja..."

Ayambire pati? Nanga atsibweni akakhala kuti akunena zoona? Akanena, mwana n'kukomoka pamsewu pano, afunse ndani chochita? Anamwino amene amadziwa mawu ake anali kuseri kwa phiri.

"Amayi aang'ono, abwera liti?"

"Fodya akatha," anatero Lidia.

Mwana anagwedeza mutu, nawerama, n'kuyamba kupukuta matope kumapazi kwake, poti nsapato zatsopano sizivalidwa ndi matope.

Fodya uja anatha, wina anawokeredwa. Lidia akamapita kudimba amamupeza pomwe paja, wakhala pamwala, maso kumsewu. Masiku ano safunsanso.